Mawu Amene Amayi Anauza Msilikali

Lolemba, 3 Junyu 2024, Moatize

Andigoneka. Ndinabwera kudzangotenga mankhwala a chifuwa, koma dotolo atandijambula anati kumanzere kwadzaza madzi, mapapo akusowa potambasukira. N'chifukwa chake kuchoka pachipata kufika pabedi pano ndimapumira m'njira ngati nkhalamba, chonsecho zaka makumi asanu sindinazikwanitse. Sikelo yati makilo 54. Dzanadzanali ndinali wa 70.

Ndabwera ndi bulangete, kapu, kope lino ndi buku langa. Buku ndikunenali ndi lija ndakhala ndikulemba m'Chingerezi chitsegukire mgodi wa ku Chipanga, la moyo wa malemu amayi: mmene tinathawira nkhondo ku Zobue kulowa ku Malawi ine ndili mwana, ndi mmene tinabwererera. Chingerezicho ndinachiphunzira kusukulu ya kumsasa wa othawa kwawo, ndipo n'chimene chinandidyetsa, poti kumgodi ndinali womasulira. Chipwitikizi ndinachipeza ndevu zitamera kale, polemba chimandimanga zala. Chinyanja ndinkati n'cha kumunda ndi kumaliro. Taonani lero chimene ndikudandauliramo.

Mwezi wathawu ndinatumiza kope lina la bukulo ku Joni kwa mwana wanga Paula kuti Ivânia awerenge. Mdzukulu wangayo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anabadwira komweko, Chinyanja samva, Chipwitikizi samva. Amayi anamwalira iye ali m'mimba. Akapanda kuwapeza m'bukumo, sadzawapezanso kwina.

Lachiwiri, 4 Junyu

Andiboola pakati pa nthiti n'kulowetsa kapaipi. Madzi ake ngati tiyi wa pakhomo pa munthu woumira, atuluka lita imodzi ndi theka. Anamwino andipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, akayeze. Kupuma kwayambako kupepuka.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Damião, Mnyungwe, woyendetsa malole a malasha. Nawonso ndi chifuwa. Munthu wowonda ngati bango koma pakamwa sipadwala. Atangoona buku langa andipatsa dzina, ati ndine a Ngerezi, ndipo pofika masana holo yonse ikundiitana choncho. Ndinafuna kukwiya, koma kukwiya kumafuna mpweya.

Lachinayi, 6 Junyu

Zatuluka: chifuwa chachikulu. Mapiritsi anayi m'mawa uliwonse ndisanadye, miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Anamwino anandichenjeza kuti mkodzo ufiira, ndisachite mantha. Wafiiradi.

Paula anaimba masana. Titatha za matenda ndinafunsa za buku, iye n'kuyamba kuzungulira, kufunsa ngati akutipatsa chakudya chokwanira. Nditamupanikiza anati Ivânia anawerenga masamba ochepa n'kuliika pansi pa wailesi. Ndinati ana a masiku ano ndi mmene alili, ntchito kukanda foni. Paula anati:

"Papa, musakwiye. Ine ndaliwerenga mpaka kumapeto. Chingerezi chake n'choyera, aphunzitsi a Ivânia sangapezemo cholakwa. Koma agogo mulibemo."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti ndi anthu angati ophunzira amene anadutsa m'bukumo ndi cholembera. Anati mwina ndiye vuto lake. Ndinadula foni. Mwana ndinamugulira yunifomu ndekha, lero akundiphunzitsa kulemba.

Lachisanu, 7 Junyu

Thupi latentha, 39. Thukuta lanyowetsa bulangete. Phala ndabweza. Mawu a Paula akukana kuchoka.

Lamulungu, 9 Junyu

Lero ndadzukako bwino. Kapaipi akachotsa, pamalopo amata bandeji.

A Damião anati popeza bukulo likundidwalitsa kuposa chifuwa, ndiwawerengere, ndizilitembenuzira m'Chinyanja. Ndinasankha mutu umene ndimaunyadira, wa ulendo wa amayi wokatenga mbewu. Nkhani yake ndi iyi. Titatha chaka kumsasa, amayi anatopa ndi ufa wachikasu wa chithandizo, ananyamuka okha wapansi kubwerera kwathu kumene nkhondo inali pakati, kukafukula mtsuko wa chimanga cha makolo umene anakwirira pothawa. Pobwerera anakumana ndi msilikali pamtsinje. Anawalozetsa mfuti. Amayi anamuyankhula, iye n'kutsitsa mfutiyo, mpaka kuwasenzera katundu kukafika kumalire.

Ndinawerenga mmene zilili m'buku: kuti banja lathu linakumana ndi zovuta zosiyanasiyana pa nkhani ya chakudya, kuti amayi anapanga chiganizo cholimba mtima, kuti atakambirana ndi msilikaliyo analoledwa kupitiriza ulendo wawo. Nditakweza maso ndinapeza a Damião akuyang'ana kudenga. Anandifunsa ngati amayi anga anali nduna ya boma. Anati iwo amvapo zotere pa wailesi, bwanamkubwa akamatsegula mlatho.

Ndinaseka nawo. Ndikudziwa kumene mawu amenewo anachokera.

Mu eskiritoriyu, ofesi ya kumgodi, tinali ndi lamulo limene shefi wathu, bwana Valdemar, ankalibwereza ngati pemphero: pepala latsopano likatuluka, lakale life tsiku lomwelo. Ankatiuza za anthu amene anakumba potsata mapu akale n'kudula chingwe cha magetsi. Ndiye chilichonse chikakonzedwa, chatsopano tinkachidinda, chakale n'kuchiponya m'makina ong'amba mapepala, pa kompyuta n'kufufutanso. Ine lamulo limenelo ndinalikonda. Ndine munthu wa dongosolo, ndimasita ndi mpango womwe.

Buku langa loyamba ndinalilemba pamanja, kwa amayi ku Zobue, masiku a tchuthi. Iwo akuyankhula, ine ndikulemba m'Chingerezi pompo, mmene zikubwerera. Kenako ndinayamba kupatsa mainjiniya kuti andikonzere. Woyamba anali wa ku Australia, tinkamutcha Chandevu, munthu wabwino mtima ndithu. Anati mayi ameneyu amazungulira kwambiri, n'kudula. Wa ku Joni anati owerenga akunja sangamve zimenezi, n'kusalaza. Wa ku India anandipatsa mawu aatali okongola. Ine chilichonse zikomo bwana. Mwini chiyankhulo akakukonza umatsutsa bwanji? Kusukulu ya kumsasa ukayankhula Chinyanja ankakuveka chipapa cha nkhono m'khosi, ndipo ndikuona kuti changa sindinachivule. Akangondikonzera ndinkalemba bwinobwino kachiwiri, lakale n'kupita nalo kumakina. Palibe anandituma.

Lachiwiri, 11 Junyu

Makilo 53. Magazi atenga. Chifuwa chikuchepa koma chakudya chikumveka chitsulo m'kamwa.

Kwabwera mana Eugénia, mlongo wanga wamkulu, kuchokera ku Zobue pa shapa, minibasi ija, yoyamba. Anditengera futali, mapeyala ndi nkhuku yophika yoti tidye holo yonse. Atandiona anati ndafanana ndi chikwanje chakale, ndipo ndidye ndisawachititse manyazi. Mana ndi amayi enieni pakamwa.

Ndinawauza za Paula, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iwo anati sanawerengepo Chingerezi, koma ngati ndinalemba amayi aulemu ndiye ndinalemba amayi a munthu wina. Basi anayamba kundikumbutsa. Mmene ufa wachikasu uja amayi ankautchulira kuti ufa wodwala chikasu, ndipo pousefa ankaupepesa ngati wodwala. Mmene anafunsira kalaliki wa kumsasa, atawalemba dzina kachinayi, ngati akufuna kuwakwatira, poti ngakhale abambo sanawafunse dzina kambiri chotero. Mmene ankatidzutsira m'mawa: iwe, manja akowo ukusungira chiswe? Ndi mmene ankandinenera ine ndikamayeseza Chingerezi kuseri kwa nyumba, kuti kamlomo kali m'mwamba ngati nkhuku yomwa madzi.

Ndinaseka mpaka pabandeji panapweteka. A Damião anatsamwa ndi fupa. Ngakhale mkulu wina wa pakona, amene sanayankhulepo chibwerere, anafunsa kuti mayi ameneyo anali wa mudzi uti.

Zonsezi zinalimo m'buku loyamba. Ndikukumbukira Chandevu akuzungulira za kalalikizo ndi cholembera chofiira, n'kulemba pambali kuti sizikuthandiza nkhani. Ndikanadziwa ndikanaphika therere.

Mana atapita ndinatembenuza buku langa loyera lija n'kuyamba kulemba kuseri kwa masamba ake.

Lachinayi, 13 Junyu

Ndalemba dzulo ndi lero, m'mawa mankhwala asanandifoole. Ntchito yake ndi yolimbana ndi dzanja langa lomwe. Ndikangolemba kuti amayi anatukwana ufa, dzanja likufuna kuwonjeza kuti chifukwa cha kusiyana kwa zizolowezi za kadyedwe. Ndikulimenya. Amayi sankayamba ndi chifukwa. Ankayamba ndi chipongwe, kenako funso, n'kuliyankha okha, chifukwa chake n'kubwera kumapeto ngati chilipo. Ndikuyesa kuti Chingerezi chiyende m'mapazi mwawo momwemo. Chikuchita manyazi koma chikuyenda.

Masana a Damião anali pafoni ndi mnzawo wa ku Zambia, dalaivala mnzawo, m'Chingerezi cha pamalire chija. Zaka zonsezi Chingerezi chotere chimandiwawa m'makutu, ndinkakonza anthu ngakhale pamzere wa kubanki. Lero ndinangomvetsera. Chinali chothyokathyoka ndithu, koma utatseka maso ungadziwe kuti akuyankhulayo ndi a Damião, osati wina. Ine masamba mazana awiri, ndipo mwana wanga wobereka ndekha sanandizindikiremo.

Sindikunena kuti ndiyambe kulakwitsa dala. Galamala ndimaidziwa, sindiitaya. Koma ndaleka kufunsa kuti Chandevu akanati chiyani.

Loweruka, 15 Junyu

Ndasanza kawiri. Anamwino anandikoka chikope n'kuthamangira dotolo. Maso achita chikasu. Ati mankhwala apweteka chiwindi, zimachitika kwa ena. Mapiritsi aimitsa, andiika madzi a m'botolo pamkono.

Chikasu. Amayi akanaseka.

Lolemba, 17 Junyu

Wofooka. Magazi atenganso. Koma ndafikitsa masamba asanu ndi limodzi: ufa, kalaliki, ulendo wa mbewu mpaka pamtsinje pamene msilikali akukweza mfuti. Pamenepo mphamvu zinatha.

Ndinafuna ndiwasunge kaye, ndidzawayeretse ndikachira. A Damião anati kuyeretsa ndi kumene kunandifikitsa pano, n'kutenga foni yanga, kujambula tsamba lililonse ndi zofufutafufuta zake zomwe, n'kutumiza kwa Paula. Ndinawatukwana pang'ono. Anati ndasangalatsa, ndayamba kufanana ndi amayi anga.

Lachitatu, 19 Junyu

Chiwindi sichinayambe kuchira. Dotolo ati tidikire zotsatira zina.

Foni inalira nthawi ya alendo. Ndinayesa ndi Paula, koma anali Ivânia yekha. Mwana ameneyu chibadwire timangopatsana moni, muli bwanji vovo, ndiye kuti agogo, ndili bwino, n'kubweza foni kwa mayi ake. Lero sanapereke n'komwe moni. Anayamba ndi kundifunsa m'Chingerezi ngati manja angawa ndikusungira chiswe, n'kuphulika kuseka. Ati wanena kale zimenezo kwa bambo ake atawapeza atagona pampando. Ati za kalaliki anawerengera anzake kusukulu. Anafunsa ngati chimanga cha makolocho chikadalipo, ndinati mana Eugénia amadzalabe chaka chilichonse. Anafunsa ngati agogo aakuluwo ankamenya ana. Ndinati ankamenya ndi pakamwa.

Ndinali nditatembenukira kukhoma kuti holo isaone nkhope yanga. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikudikira munthu mmodzi woti andifunse kuti kenako chinachitika n'chiyani.

Ndipo anafunsadi.

"Vovo, mwasiyira pamfuti. Anamuuza chiyani msilikaliyo?"

Ndinatsegula pakamwa, ndikuyesa kuti mawuwo ali pafupi. Munalibe kanthu. Ndinati anamwino abwera, ndimuuza mawa.

Lachinayi, 20 Junyu

Tsiku lonse ndafufuza m'mutu. Tsikulo ndikulikumbukira bwino: tinali pakhonde ku Zobue, mwezi wozizira ngati uno, amayi akusenda mtedza. Nkhani ya msilikali sankaikonda. Tili ana tikafunsa ankati anakumana ndi mwana wa munthu wina, basi. Tsiku limenelo okha anaiyamba, n'kuinena yonse, zimene iye ananena ndi zimene iwo anayankha. Zinadzaza masamba atatu. Ndikukumbukira kuti cholembera chinatha inki ndinabwereka cha mwana wa mana.

Koma mawu ake, ayi. Womasulira aliyense amadziwa zimenezi. Mawu amalowa khutu ili m'chiyankhulo china n'kutulukira kudzanja m'china, iwe uli ngati mpope, madzi satsalamo. Kumgodi ndinkatuluka mumsonkhano wa m'mawa wonse osadziwa chimene agwirizana. Sindinkadandaula, poti zinali papepala.

Ndaimbira mana. Ati tsiku limenelo anali kumsika, ndipo iwo amayi sanawauzepo. Ati ankayesa kuti ndinasunga ine wa mapepala. Ndaimbira Paula, mwina agogo ake anamunong'onezapo. Ayi. Buku loyera lili ndi mzere umodzi uja: atakambirana, analoledwa kupitiriza ulendo wawo.

Masamba atatu aja ndinawaika ndekha m'makina, Lachisanu lina madzulo tikuweruka, pamodzi ndi mapu akale a ngalande. Ndinaimirira pomwepo mpaka atatha, monga lamulo linkanenera. Amayi anali moyo nthawi imeneyo. Anakhalanso zaka ziwiri. Ndikanakwera shapa n'kukawafunsanso, koma ndinali ndi mzere wanga woyera, ndinkafuniranji?

Ivânia watumiza uthenga kawiri. Sindinayankhe.

Loweruka, 22 Junyu

Miyendo yatupa. Makilo akwera koma ati ndi madzi.

A Damião atuluka lero, akapitirizira mankhwala kunyumba. Akumanga katundu anandiuza kuti ndileke kudzizunza, ndingopeka. Anati ndi ndani angadziwe? Msilikaliyo mwina anafa kale, amayi anafa, mwanayo akungofuna nkhani. Anayamba kundipatsa zawo: kuti amayi anati ndiombere koma mtsuko usasweke, kapena anamufunsa ngati mayi ake akudziwa kumene ali. Zinali zabwino ndithu.

Atapita ndinayesa. Ndinalemba kangapo. Choyamba chinamveka ngati a Damião. Chachiwiri ngati mana. Chachitatu chinali chokoma kwambiri moti ndinachiwerenga mokweza, n'kumva kuti ndi ine ndikudzionetsa. Munthu amene anatsitsa mfuti tsiku lija sanaitsitsire mawu okoma a ine Teófilo. Ena anawaika kale amayi mawu awo m'kamwa ine ndikuthokoza. Ndiwonjezerenso anga?

Pabedi la kumanja paikidwa munthu wina, sayankhula.

Lolemba, 24 Junyu

Dotolo ati mawa m'mawa anditumiza ku chipatala chachikulu ku Tete, chiwindi chikufuna makina amene kuno kulibe. Ndinafunsa ngati ndidzabwerere. Anati tiyeni tipite kaye. Mana afika madzulo ano kuti atsagane nane, ali panja akukangana ndi mlonda za mphasa yawo.

Ndamuimbira Ivânia. Ndamuuza zonse m'Chingerezi changa, chopanda wokonza: za lamulo la a Valdemar, za cholembera chofiira, za makina. Ndinati mawuwo anandiuza ine ndekha padziko lonse lapansi, ndipo ine ndinawataya. Ndinayembekeza kuti akhumudwa, kapena andiuza kuti palibe kanthu monga amachitira akuluakulu. Iye anangoti ndiye ndimuuze mmene nkhope yawo inkaonekera pomwe ankanena. Kodi ankaseka, kapena ankalira?

Sindikudziwa. Mutu wanga unali papepala. Ndinkasaka mawu oyenera.

Ndinamuuza kuti ndilemba chimene ndinaona. Chilipo chimodzi, chimene chinali m'mphepete mwa pepala nthawi yonseyo: manja awo m'lichero. Ankasenda mtedza mwachangu ngati nthawi zonse, makoko uku, mtedza uku. Nkhani itafika pamtsinje paja manja anaima. Anatenga mtedza umodzi n'kumautembenuza m'zala, osauswa, mpaka masamba atatu aja anatha. Kenako anauika pabondo langa, n'kunena kuti ndidye, ndalemba mokwana.

Ndalemba zimenezo kuseri kwa tsamba la mzere woyera uja. Pakati ndasiya malo opanda kanthu, okwana mawu awo. Mana ajambula n'kutumiza, ngakhale akudandaula kuti theka la pepala n'loyera, kuwononga chabe.

Sindinakonze chilichonse. Ambulansi ati inyamuka mankhwala a m'mawa akatha.